Timabuku takale ta nthawi za sitima timaulula zambiri ukatiyika pamodzi

Ku America, m'zaka zotsatira nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ukalowa pasiteshoni ya sitima ya pamtunda unkapeza timabuku titaunjikidwa pambali pa zenera logulitsira matikiti. Tinali taulere. Unkatola kamodzi, kuyang'ana nthawi yonyamukira sitima yako, kukapinda n'kukaika m'thumba la jekete, ndipo ukafika kumene ukupita unkakataya. Ngakhale ukanakasunga, pakapita miyezi ingapo kankakhala katatha ntchito, poti kampani inkatulutsa kena katsopano. Timeneti ndi timabuku ta nthawi za sitima, timene mwana wasukulu angatitchule kuti mataimutebulo. Lero pali anthu amene amatisaka m'misika ya zinthu zakale ndi pa intaneti, n'kumatisunga ngati zikalata za malo. Ali ndi bungwe lawo ndithu, lotchedwa National Association of Timetable Collectors.

Kungomva zikumveka ngati masewera a anthu okhuta. Alipodi ena amene amangotengeka ndi chikuto, chithunzi cha injini yonyezimira ikudutsa m'mapiri. Koma osunga enieni amadziwa kuti kabuku kamodzi pakokha n'kotsatsa malonda basi, kampani ikudzichemerera. Ukatenga tiwiri ta kampani imodzi, kena ka 1949 kena ka 1965, n'kutiyala pathebulo moyandikana, kamodzi kamayamba kuneneza kanzake. Zimene kampani sinkafuna kunena poyera zimaonekera mu kusiyana kwa masamba awiriwo.

Mapepalawa alipo a mitundu itatu, ndipo wosadziwa amaisokoneza. Mtundu woyamba ndi uja wa anthu apaulendo, wokhala ndi mapu, mitengo ya matikiti ndi zithunzi. Makampani akuluakulu ankatulutsa kabuku kamodzi kophimba njanji zawo zonse, ndi tina ting'onoting'ono ta njira imodzi imodzi. Kabuku kakakulu ka Pennsylvania Railroad kankatchedwa Form 1, ka New York Central kankatchedwa Form 1001, ndipo osunga amangotchula manambala amenewa akamagulana. Mtundu wachiwiri sunkaperekedwa kwa okwera. Unali wa ogwira ntchito, woyendetsa injini, kondakitala ndi oyang'anira masiteshoni, ndipo unali lamulo: sitima iti ipatukire inzake, zikumane pati pamene njanji ili imodzi, pokhota pati achepetse liwiro. Mulibe chithunzi ngakhale chimodzi, koma ukafuna kudziwa mmene njanjiyo inkayendetsedwera, umu ndi momwe muli nkhani. Mtundu wachitatu ndi chibuku chachikulu chotchedwa The Official Guide of the Railways, chimene chinayamba kutuluka mu 1868 ndipo chinkatuluka mwezi ndi mwezi. M'zaka za m'ma 1940 chinkaposa masamba 1,000, ndipo chinkasonkhanitsa nthawi za makampani pafupifupi onse a ku America, Canada ndi Mexico. Chinkakhala pakauntala ya wogulitsa matikiti, chifukwa ulendo wautali unkadutsa m'manja mwa makampani angapo ndipo iye anayenera kulumikiza zidutswazo.

Tsamba lenilenilo nthawi zambiri limaoneka chonchi. Pakati pali mzere wotsika wa mayina a masiteshoni, pambali pake pali mamailosi kuchokera poyambira. Kumanzere kuli madanga a sitima zopita, ndipo amawerengedwa motsika. Kumanja kuli madanga a sitima zobwerera, ndipo amenewa amawerengedwa mokwera, kuyambira pansi. Woyamba kumene amaiwala zimenezi n'kumadabwa kuti sitima yafika bwanji ku New York isananyamuke ku Chicago. Wotchi ya maola 24 sankaigwiritsa ntchito. M'malo mwake, nthawi ya kuyambira pakati pa usiku mpaka 12 koloko masana inkasindikizidwa m'zilembo zopyapyala, ya kuyambira masana mpaka pakati pa usiku m'zilembo zonenepa. Choncho 7.15 yopyapyala ndi ya m'mawa, yonenepa ndi ya madzulo. Fotokope yofufuma imatha kufafaniza kusiyana kumeneku, munthu n'kulakwitsa ndi maola 12 athunthu. Ndiye pali timalemba ting'onoting'ono pambali pa manambala. Kodziwika kwambiri ndi ka f, kosonyeza kuti sitima imaima pamenepo pokhapokha wina ataiimitsa ndi chizindikiro kapena wokwera atauziratu kondakitala kuti atsika, monga timachitira m'minibasi. Tina timatanthauza kuti imaima kunyamula okha osatsitsa, kapena kuti siyenda Lamlungu. Matanthauzo ake amakhala pansi pa tsamba m'zilembo zofuna magalasi, ndipo kampani iliyonse inali ndi zizindikiro zakezake.

Msampha waukulu ndi wa wotchi. Dziko la America n'lotambalala moti pa 18 Novembala 1883 makampani a njanji analigawa m'zigawo zinayi za nthawi, chilichonse chosiyana ndi chinzake ndi ola limodzi. Kabuku kamalemba nthawi ya pamalo pamene sitima ili. Taonani sitima yotchuka ya New York Central yotchedwa 20th Century Limited. Pandondomeko imene inayamba mu 1938, inkanyamuka ku New York 6 koloko madzulo n'kukafika ku Chicago 9 koloko m'mawa. Kuwerenga ndi zala ukupeza maola 15, koma ulendowo unali wa maola 16, chifukwa wotchi ya ku Chicago ili m'mbuyo ndi ola limodzi. Pobwerera zimatembenuka, ulendo womwewo umaoneka ngati wa maola 17. Amene anawolokapo mlatho wa Songwe kulowa m'Tanzania, n'kupeza foni yadumpha ola, amvetsa msanga.

Pali msampha wachiwiri umene umakola ngakhale odziwa. Kuyambira 1945 mpaka 1966 kunalibe lamulo la dziko lonse pa chizolowezi chija chokankhira wotchi kutsogolo ndi ola limodzi m'nyengo yotentha. Mzinda uliwonse unkadzisankhira. New York inkakankha, mizinda ina ayi, ndipo makampani a njanji ankagwiritsabe nthawi yosakankhidwa. Pofuna kuti munthu wotuluka mu ofesi aipezebe sitima pa nthawi imene anazolowera, kampani inkasuntha sitimayo. Ndiye m'kabuku ka nyengo yozizira uona 6 koloko, m'ka nyengo yotentha uona 5 koloko, n'kuganiza kuti asintha ndondomeko, pamene kwa wokwerayo palibe chasintha. N'chifukwa chake timabuku tambiri tili ndi deti la Lamlungu lomaliza la Epulo, kapena la kumapeto kwa Seputembala kapena Okutobala: ndi masiku amene mawotchi ankasinthidwa. Lamulo la Uniform Time Act la 1966 ndi limene linathetsa chipwirikiti chimenechi. Wofananitsa mwanzeru amatenga ka Epulo n'kufananitsa ndi ka Epulo kanzake.

Ukadziwa kuwerenga, kukoma kumayamba ukaika pamodzi makampani awiri olimbirana anthu amodzimodzi. Pakati pa New York ndi Chicago, 20th Century Limited inali ndi mdani wake, Broadway Limited ya Pennsylvania Railroad. Zonse ziwiri zinkalonjeza pafupifupi maola 16. Ukangoona zimenezo unganene kuti zinali zofanana, koma yang'ana danga la mamailosi. Njira ya New York Central inali ya mamailosi pafupifupi 960, omwe ndi makilomita oposa 1,500, chifukwa inkatsata mtsinje wa Hudson mpaka ku Albany, kenako kukhotera kumadzulo kudzera ku Buffalo, Cleveland ndi Toledo, m'malo athyathyathya. Ya Pennsylvania inali yaifupi, mamailosi 908, koma inkakwera mapiri a Allegheny kudzera pokhota potchuka potchedwa Horseshoe Curve pafupi ndi Altoona. Kugawa mtunda ndi maola, yoyambayo inkathamanga pafupifupi makilomita 96 pa ola, kuphatikiza ndi poimapoima, inayo pafupifupi 91. Wina ankalipira ndi mtunda, wina ndi chitunda. A New York Central anasandutsa kutalika kwa njira yawo kukhala chonyadira, n'kumalengeza kuti poti njanji yawo ilibe zitunda, wokwera amagona tulo tabwino.

Za mapu a m'timabukuti, musawakhulupirire. Kampani iliyonse inkajambula njanji yake ndi mzere wonenepa, wowongoka ngati chingwe chokoka, mizinda n'kuisuntha pang'ono kuti ikhale pamzerepo, njanji ya mdani n'kuijambula yopyapyala ndi yokhotakhota, kapena osaijambula n'komwe.

Kwa ine masamba ofunika kuposa onse si a nthawi ayi, koma aja olemba mabogi amene sitima iliyonse inkakoka. Kumeneko n'kumene matenda amayamba kuonekera wodwala akuyendabe. Pansi pa dzina la sitima pamakhala mndandanda: bogi yodyeramo kuchokera pakuti kukafika pakuti, bogi yochezeramo, mabogi a mipando, ndi mabogi ogonamo, iliyonse ndi nambala yake ndi mmene zipinda zake zilili. Yofala kwambiri itatha nkhondo inali imene osunga amaitcha 10-6, ya timazipinda 10 ta munthu mmodzi ndi zipinda 6 za anthu awiri. Mabogi ogonamowa ankayendetsedwa ndi kampani ya Pullman, imene inasiya ntchitoyi kumapeto kwa 1968.

Makampani anatuluka m'nkhondo ali ndi chiyembekezo chachikulu. Mu 1944 anali atanyamula anthu ochuluka kuposa kale, asilikali ndi anthu wamba amene sankapeza mafuta ndi matayala a galimoto, ndipo anathira ndalama zankhaninkhani m'mabogi atsopano. 20th Century Limited ija inapatsidwa mabogi atsopano mu 1948. Chaka chomwecho Super Chief ya kampani ya Santa Fe, yoyenda pakati pa Chicago ndi Los Angeles m'maola 39 ndi mphindi 45, inayamba kuyenda tsiku ndi tsiku. Timabuku ta zaka zimenezi n'tonenepa, mindandanda ya mabogi n'njaitali. Century inalibe ngakhale bogi imodzi ya mipando, onse anali ogonamo, ndipo pamwamba pa tikiti unkalipira ina yowonjezera chifukwa chongokwera sitimayo. Tsegula kabuku ka kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, upeza mabogi a mipando alowamo. Dzina ndi lomwelo, zilembo zake n'zazikulu chimodzimodzi, koma sitima ya mabwana yayamba kunyamula aliyense kuti ipeze ya mafuta. Broadway Limited inalimbikira kukhala ya ogona okhaokha mpaka Disembala 1967.

Njira ina yobisira kuchepa inali kulumikiza sitima ziwiri n'kusunga mayina onse. Santa Fe inali ndi El Capitan, ya mipando yokhayokha, imene mu 1956 inapatsidwa mabogi aatali osanjikizana. Kuyambira Januwale 1958, m'miyezi imene okwera anali ochepa, inkamangiriridwa ku Super Chief n'kukhala sitima imodzi. M'kabuku mayina onse awiri akuoneka, aliyense ndi mawu ake otamanda, koma nthawi zake n'zofanana mpaka mphindi pasiteshoni iliyonse. Sitima ziwiri sizingakhale panjanji imodzi pa mphindi imodzi. Union Pacific inachita zoposa pamenepa. Sitima zake zinali ndi mayina a mizinda, City of Los Angeles, City of San Francisco, City of Portland, City of Denver, ndipo pofika kumapeto zinkanyamuka ku Chicago zitamangidwa pamodzi ngati chisitima chimodzi chachitali chimene chinkagawikana m'njira. Okonda sitima anachipatsa dzina lachipongwe, City of Everywhere, mzinda wa kulikonse. Southern Pacific nayo inachotsa bogi yodyeramo ndi mabogi ogonamo pa Sunset Limited, yoyenda pakati pa New Orleans ndi Los Angeles ulendo wa mausiku awiri, n'kusiya makina ogulitsa zakudya poponya ndalama. Inawabwezera mu 1970 italoledwa kuti sitimayo iziyenda katatu pa sabata m'malo mwa tsiku lililonse.

Kanthu kena kamene kamangobwera n'kuzimiririka m'masamba amenewa ndi bogi yodutsa kuchokera kunyanja ina kukafika kunyanja inzake. Kale munthu wochokera ku New York kupita ku California anayenera kutsika ku Chicago kapena ku St. Louis n'kusintha sitima, nthawi zambiri n'kusinthanso siteshoni. Mu 1946 Robert R. Young, mkulu wa Chesapeake and Ohio, anatulutsa chilengezo chonyoza makampani anzake, chonena kuti nkhumba imatha kudutsa dziko lonselo osasintha sitima koma munthu sangathe. Chaka chomwecho mabogi ogonamo odutsa anayamba kuoneka m'timabuku: bogi imachoka ku New York itamangidwa ku Century, ku Chicago n'kuikokera ku sitima ya Santa Fe. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 mizere imeneyi inali itafufutidwa.

Si ndondomeko iliyonse imene inkathamangira liwiro. California Zephyr, imene inayamba pa 20 Marichi 1949, inali ya makampani atatu, Burlington, Rio Grande ndi Western Pacific, ndipo inkatenga maola pafupifupi 50 kuchokera ku Chicago kukafika ku Oakland, pamene City of San Francisco inkafika m'maola osakwana 40. Kungoyang'ana manambala unganene kuti inali yaulesi. Koma tsatira zilembo zopyapyala ndi zonenepa zija uli ndi mapu enieni pambali. Zigwa za Nebraska ndi chipululu cha Nevada, kumene kulibe choona, inkazidutsa usiku. Mapiri a Rocky ku Colorado ndi chigwa cha mtsinje wa Feather ku California inkazidutsa dzuwa likuwala, anthu atakhala m'mabogi a denga lagalasi. Amene anakonza ndondomekoyi ankagulitsa zenera.

Zimene zinadya sitimazi zili ndi zaka zake, ndipo zimagwirizana ndi kuwonda kwa timabuku. Mu 1956 boma linakhazikitsa lamulo lomangira misewu ikuluikulu yolumikiza dziko lonse. Mu 1958 ndege ya Boeing 707 inayamba kunyamula anthu, ndipo posakhalitsa ulendo wa mausiku atatu unasanduka wa maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Chaka chomwecho lamulo latsopano linapatsa bungwe la boma loyang'anira makampani a njanji, la Interstate Commerce Commission, mphamvu yololeza kuthetsa sitima, zimene kale zinkafuna chilolezo cha maboma a zigawo. Koma nkhonya yomaliza inachokera ku positi ofesi. Sitima zambiri zinkakoka bogi imene antchito a positi ankasankhiramo makalata ulendo uli mkati, ndipo ndalama ya makalatayo ndi imene inkaphimba chitayiko cha kuchepa kwa okwera. Mu 1967 positi ofesi inathetsa mapangano ambiri otere n'kupereka makalata ku ndege ndi malole. Santa Fe, imene inali kampani yonyadira sitima zake kuposa ambiri, inapempha nthawi yomweyo kuthetsa zochuluka mwa izo. Kabuku ka 1966 ndi ka 1968 ka kampani imodzi timasiyana ngati munda usanagwe ndi utagwa dzombe.

Zoyamba kufa, komabe, sizinali za mayina otchuka. Zinali zija za manambala okha, zoima pamudzi uliwonse, zina zokoka mabogi a katundu ndi bogi imodzi ya anthu kumbuyo. Kumapeto kwa kabuku ka 1947 kuli masamba odzaza ndi timatebulo ta njanji zanthambi. M'ka 1955 pena pamalembedwa kuti ulendowo ndi wa basi, pena kuti njanjiyo ndi ya katundu yekha, ndipo m'ka 1962 dzina la mudziwo latsala mu mndandanda wa masiteshoni mokha. Ku Britain nkhani yofanana imawerengedwa m'mabuku a British Railways, bungwe la boma limene linatenga njanji pa 1 Januwale 1948. Buku lakale la Bradshaw, lomwe linkasonkhanitsa nthawi za sitima kuyambira 1839, linasiya kutuluka mu 1961, ndipo mu 1963 lipoti la Richard Beeching, mkulu wa British Railways, linalangiza kutseka masiteshoni oposa 2,000.

Pepala lili ndi malire ake. Limakuuza zimene kampani inalonjeza, osati zimene zinachitika. Century yomaliza inanyamuka ku New York pa 2 Disembala 1967 n'kukafika ku Chicago itachedwa ndi maola oposa 9 chifukwa cha sitima ya katundu imene inachoka panjanji kutsogolo kwake, koma m'kabuku inafika pa nthawi yake. Timabuku tambiri ta makampani a kum'mwera kwa dziko la America timangolemba kuti mabogi a mipando, osanena kuti munthu wakuda ankakhazikidwa m'bogi yakeyake, kawirikawiri yakutsogolo pafupi ndi utsi wa injini. Zinatengera mlandu wa Elmer Henderson, umene khoti lalikulu linagamula mu 1950, kuti katani yolekanitsa akuda ndi azungu m'bogi yodyeramo ichotsedwe, ndi chigamulo cha Interstate Commerce Commission cha 1955 kuti tsankho pa maulendo odutsa zigawo liletsedwe. Amuna akuda amene ankayala mabedi m'mabogi a Pullman usiku wonse, amene A. Philip Randolph anawasonkhanitsa m'bungwe la antchito mu 1925, m'kabuku amangooneka pachithunzi akumwetulira.

Pa zogula ndi kusunga, mtengo sutsata kutchuka. Makampani akuluakulu ankasindikiza timabuku tambirimbiri, choncho ta Pennsylvania kapena Santa Fe ta m'ma 1950 sitisowa ndipo sitidula. Chovuta kupeza ndi kapepala ka kampani yaing'ono ya njanji ya makilomita 40 imene inatha kalekale. Amasakanso koyamba kulemba sitima inayake ndi komaliza kuilemba. Kuseri kapena pansi pa tsamba pamakhala timanambala ta osindikiza, monga Poole Bros. kapena Rand McNally a ku Chicago, ndipo nthawi zina pamalembedwa kuchuluka kwa timene tinasindikizidwa, chilembo cha M chikuimira 1,000. Timanambala timeneti timathandiza kusiyanitsa timabuku tiwiri ta deti limodzi timene m'kati tinakonzedwa mosiyana. Pepala lake linali lotchipa, limachita chikasu n'kumathetheka, timawaya tomangira timachita dzimbiri n'kudya masamba apakati. Osunga amatiika m'timatumba topanda asidi, kutali ndi dzuwa ndi chinyontho, ndipo kumata pulasitiki ndi moto, kumene ife timakonda kuchita ndi masatifiketi, kwa iwo n'kuwononga. Pa zolembalemba za pensulo amasiyana maganizo. Ena amafuna koyera ngati sikanagwiridwepo. Ine ndimaona kuti kamene wogulitsa matikiti anadindapo chidindo cha siteshoni yake, n'kuzunguliza sitima imodzi ndi kulemba mtengo pambali, kali ndi zambiri zonena kuposa koyerako.

Awiri amene wosunga aliyense amafuna kuyika pamodzi ndi Official Guide ya Epulo 1971 ndi kabuku koyamba ka Amtrak ka pa 1 Meyi 1971. Penn Central, imene inapangidwa mu 1968 pophatikiza adani aja awiri, New York Central ndi Pennsylvania, inali itagwa m'ngongole mu Juni 1970, ndipo boma linakhazikitsa Amtrak kuti itenge sitima za anthu apaulendo. Pa sitima 366 zimene zinkayenda dzulo lake, Amtrak inasunga 184. Lero sitima ya Amtrak yotchedwa Lake Shore Limited imadutsa pafupifupi njira yomwe ija ya Century m'maola 19 kapena 20, chifukwa imaima malo ambiri ndipo mbali yaikulu ya njanjiyo ndi ya makampani a katundu.

Makampani ochepa anakana kulowa mu Amtrak, ndipo mmodzi mwa iwo anali Rio Grande. California Zephyr itatha mu Marichi 1970, kampaniyi inatsala ndi chidutswa chake cha pakati pa Denver ndi Salt Lake City, ndi mabogi omwe aja a denga lagalasi a 1949, n'kuchitcha Rio Grande Zephyr. Kabuku kake kanali ndi sitima imodzi yokha: yopita kumadzulo Lolemba, Lachinayi ndi Loweruka, yobwerera Lachiwiri, Lachisanu ndi Lamlungu, Lachitatu n'kupumula. Inayenda choncho mpaka Epulo 1983.